Kodi pa Scrabble tanthauzo la mawu lili ndi ntchito?

M'malamulo onse a Scrabble, masewera opanga mawu ndi tizidutswa ta zilembo, mulibe lamulo lokakamiza munthu kudziwa tanthauzo la mawu amene waika pa bolodi. Chofunika n'chakuti mawuwo apezeke m'buku limene osewera agwirizana kugwiritsa ntchito. Akapezeka, mapointi ndi ako, kaya ukudziwa kuti ndi dzina la nyama, la ndalama kapena la matenda, kaya sukudziwa n'komwe. Lamulo limeneli ndi limene limatiyambanitsa anthu amene timasewera limodzi Loweruka masana, ndipo mkangano wake sunathe mpaka lero. Wina akangoika timawu tachilendo, funso limamveka lomwe lija: "Achimwene, chimenechonso ndiye Chingerezi cha kuti?" Woikayo sayankha zambiri. Amangoloza buku n'kunena kuti, "Tsegulani muone, madala." Buku limatsegulidwa, mawu amapezeka, mapointi amalembedwa, koma wofunsa uja amatsala ndi funso lake.

Patebulo pathu pali magulu awiri. Ena amati Scrabble ndi masewera a masamu, ndipo nthawi imene munthu amathera pofufuza matanthauzo akanalowezera mawu ena ambirimbiri. Ena, ndipo ine ndili momwemo, timati mawu osadziwika tanthauzo sakhalitsa m'mutu, komanso ukadzuka patebulo sutengapo kanthu. Ndikuumirirabe maganizo amenewa ngakhale ndikudziwa kuti akatswiri ena apadziko lonse aonetsa kuti munthu atha kutenga chikho osadziwa n'komwe chilankhulo chimene akusewera.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi mmene masewerawa anapangidwira. Anawayambitsa ndi Alfred Mosher Butts, munthu wojambula mapulani a nyumba ku New York, ntchito itamuthera pa nthawi ya mavuto aakulu azachuma a m'ma 1930. Butts anakhala pansi n'kumawerenga zilembo m'nyuzipepala, kuphatikizapo New York Times, kuti aone kuti ndi chilembo chiti chimene chimabwera kawirikawiri m'Chingerezi ndi chiti chimene chimasowa. Zimene anapeza ndi zimene zili m'kathumba ka Scrabble mpaka lero. Muli tizidutswa 100. Chilembo cha E chilimo ka 12, A ndi I ka 9 chilichonse, O ka 8, pomwe J, K, Q, X ndi Z zilimo kamodzi kamodzi. Tiwiri tilibe chilembo, timatitcha mabulanki, ndipo timaimira chilembo chilichonse chimene mwini wake wafuna. Chilembo chopezeka paliponse chimapereka pointi imodzi, chosowa chimapereka zambiri: Q ndi Z mapointi 10, J ndi X mapointi 8, K mapointi 5. Dzina lakuti Scrabble linabwera mu 1948, James Brunot atatenga masewerawo n'kuwakonza kuti ayambe kugulitsidwa. Bolodi lake lili ndi timabokosi 225, mizere 15 chopingasa ndi 15 chotsika, ndipo wosewera aliyense amakhala ndi zilembo 7 pakathabwa kake.

Munthu wokula ndi Chichewa akayang'ana mitengo ya zilemboyi amaona zachilendo. K, amene ife timamugwiritsa ntchito pafupifupi m'chiganizo chilichonse, kuno ndi wodula. W ali ndi mapointi 4, pamene kwathu ali mbwee. Z ndi J sitiwaopa, timakumana nawo mu zikomo, dzanja ndi njala. Koma Q ndi X mulibe m'kalembedwe ka Chichewa, ndipo ndaona anthu ambiri oyamba kumene akuzisunga zilembo ziwirizi mpaka masewera kutha, osadziwa kozitaya. Pomaliza mapointi ake amachotsedwa pa zimene anapeza. Kusiyana kwina n'kwakuti m'Chichewa phatikizo lililonse limathera ndi vawelo, choncho diso lathu limafuna kuona konsonanti, vawelo, konsonanti, vawelo. Pakathabwa pakakhala makonsonanti asanu ndi mavawelo awiri timaona ngati palibe chochita, pamene Chingerezi chili ndi mawu ngati STRONG, CRWTH ndi NYMPH amene amaunjika makonsonanti popanda vuto.

Apa ndi pamene timawu ta zilembo ziwiri timayambira kugwira ntchito, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene pagona masewera onse. Buku limene limagwiritsidwa ntchito m'mipikisano kunja kwa America ndi Canada ndi Collins Scrabble Words, ndipo muli mawu pafupifupi 280,000. Mwa onsewa, a zilembo ziwiri ndi opitirira pang'ono 120. Munthu amene waloweza timawu timeneti amagonjetsa munthu wa digiri ya Chingerezi amene sanatiloweze, ndipo ndaziona ndi maso anga. Chifukwa chake n'chakuti mapointi ambiri sabwera podutsa mawu a mnzako mopingasa. Amabwera pogoneka mawu ako pambali pa mawu ake, mzere kugundana ndi mzere, kotero kuti chilembo chilichonse chimene chakhudzana ndi china chikupanga kaliwu katsopano. Ukatero chilembo chimodzi chimawerengedwa kawiri. Tiyerekeze kuti Q wagwera pakabokosi kochulukitsa chilembo katatu, ndipo akupanga QI chopingasa komanso QI chotsika. Ndiye kuti 31 kuphatikiza 31, mapointi 62, kuchokera pa zilembo ziwiri zokha zimene waika. X pamalo omwewo amapereka 48 tisanawerengere zilembo zinzake, ndipo ali ndi abwenzi ambiri: AX, EX, OX, XI ndi XU.

Nanga timawu timeneti tikutanthauza chiyani? QI ndi mawu ochokera ku China, amanena za mphamvu ya moyo imene asing'anga akumeneko amati imayenda m'thupi la munthu. XU ndi kandalama kakang'ono ka ku Vietnam. XI ndi chilembo cha Chigiriki. ZA ndi chidule cha pizza. AA ndi mwala wokhakhala umene umatsala chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira, ndipo dzinalo linachokera ku Hawaii. AI ndi nyama ya ku South America yoyenda pang'onopang'ono kwambiri, ya zala zitatu, imene imakhala cholendewera m'mitengo. ZO ndi chiweto cha ku Tibet, chobadwa pokweranitsa ng'ombe wamba ndi yak, ng'ombe yaubweya ya kumapiri. JO ndi wokondedwa, m'kalankhulidwe ka ku Scotland. Ndipotu mawu a ku Scotland ndi ochuluka m'bukuli, monga EE kutanthauza diso, OO kutanthauza ubweya wa nkhosa ndi KY kutanthauza ng'ombe. Izi zili choncho chifukwa kwa zaka zambiri osewera a ku Britain ankatsatira dikishonale ya Chambers, yosindikizidwa ku Edinburgh, imene inasunga mawu ambiri a kwawoko.

Taonani kutalika kwa ulendo umene tayenda m'ndime imodzi yokha: China, Vietnam, Hawaii, Tibet, Scotland. Munthu amene wangoloweza kuti Z amagwirizana ndi A, E ndi O sanapite kulikonse. Wapeza mapointi omwewo, inde, sindikukana. Koma kwa ine chisangalalo cha masewerawa chili pakuti kachidutswa kapulasitiki kamakutengera kudziko limene sunaliganizirepo, ndipo mawa ukamva dzina la Tibet pa wailesi umakumbukira kuti kumeneko kuli chiweto chotchedwa ZO.

Chenjezo limodzi kwa osewera pa foni: mabuku ndi awiri. La ku America ndi Canada ndi laling'ono, ndipo mawu ngati ZO ndi CH mulibemo. Musanayambe kukangana ndi foni yanu, onani kaye kuti ikutsatira buku liti. Ndipo m'mabuku onse awiri mulibe liwu la zilembo ziwiri lokhala ndi V, n'chifukwa chake V amatseka bolodi.

Tsopano ndiwapatse mpata anzanga otsutsa aja, chifukwa mboni yawo ndi yamphamvu. Dzina lake ndi Nigel Richards, wa ku New Zealand koma amakhala ku Malaysia. Watenga chikho chapadziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi kasanu: mu 2007, 2011, 2013, 2018 ndi 2019. Mu 2015 analowa mpikisano wapadziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa ku Louvain-la-Neuve m'dziko la Belgium, iye osalankhula Chifalansa. Analoweza buku la mawu a Chifalansa kwa milungu pafupifupi isanu ndi inayi, nakagonjetsa wosewera wa ku Gabon m'ndime yomaliza. Mu 2024 anachitanso chimodzimodzi ndi Chisipanishi ku Granada. Palinso osewera a ku Thailand, dziko limene Chingerezi si chilankhulo cha tsiku ndi tsiku: Panupol Sujjayakorn anatenga chikho chapadziko lonse mu 2003, Pakorn Nemitrmansuk mu 2009. Anzanga akatchula mayina amenewa amandiyang'ana ngati mlandu watha.

Sindinganene kuti akunama. Pamwamba penipeni pa masewerawa, chimene chimalekanitsa akatswiri ndi kuwerengera: zilembo zatsala zingati m'kathumba, mnzanga angakhale ndi chiyani, ndikaika apa ndamutsegulira njira yanji. Aliyense amene anaonerapo akuluakulu akusewera bawo pansi pa mtengo amadziwa mtundu wa maganizo umenewu, woona kumene nkhomo zikathere dzanja lisanatape n'komwe. Koma mutu wa Nigel Richards ndi wa Nigel Richards. Enafe, amene timasewera titaweruka kuntchito, tili ndi ana ofuna fizi ndi zina zambiri zodzaza m'mutu, sitingasunge mizere ya zilembo yopanda chogwirira. Tikaloweza Lolemba, pofika Loweruka zauluka. Chimene chimamangirira liwu m'mutu mwa munthu wamba ndi tanthauzo lake. AA sindingamuiwale chifukwa ndimaona mwala wakuda wokhakhala uja. Mawu amene ndinangowaloweza chabe ndi amene ndimakayikira nthawi yoti ndiwaike ikafika, ndipo kukayikira pa Scrabble kumadula.

Pali chifukwa china chimene ngakhale okonda masamu ayenera kuchivomereza, chifukwa chimakhudza mapointi enieniwo. Njira imodzi yaikulu yopezera malo pa bolodi ndi kukolowekapo chilembo kutsogolo kapena kumbuyo kwa mawu amene alipo kale, makamaka S. Koma si mawu onse amene amalandira S, ndipo chimene chimakuuza ndi mtundu wa mawuwo: kodi ndi dzina, mneni kapena mfotokozi? ZA ndi dzina la chinthu chowerengeka, choncho ZAS ndi mawu ovomerezeka. QI amalandiranso S. Koma XU salandira, chifukwa kandalama kameneka kakachuluka dzina lake silisintha. Woloweza chabe ayenera kusunga mfundo ziwiri zosiyana pa liwu lililonse, pomwe wodziwa tanthauzo nthawi zambiri amangoganiza n'kupeza yankho. Ndipo kulakwitsa kuli ndi mtengo wake. Ukaika mawu olakwika mnzako n'kutsutsa, umachotsa zilembo zako n'kutaya ulendo wonsewo. Ukatsutsa mawu olondola, m'mipikisano yambiri ya mayiko mnzakoyo amawonjezeredwa mapointi 5.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha zilembo zisanu ndi ziwiri izi: A, E, I, N, R, S, T. Munthu akaika zilembo zake zonse 7 ulendo umodzi amalandira bonasi ya mapointi 50, ndipo masewera ambiri amapambanidwa ndi amene wapeza mabonasi ochuluka. Zilembo ndatchulazi ndi zotchipa, pointi imodzi chilichonse, koma zimagwirizana kwambiri moti m'buku la Collins zimapanga mawu 11. Ambirife timaona RETAINS msanga, mwina ndi NASTIER. Ena ndi RETINAS, STAINER, RETSINA, STEARIN, RATINES, ANTSIER, ANESTRI, RESIANT ndi STARNIE. Tsopano tayerekezani kuti mnzanu waika limodzi mwa amenewa ndipo inu muli ndi S m'manja. Mukoloweke kapena ayi? RETSINA ndi vinyo wa ku Greece wonunkhira utomoni wa paini, ndi dzina, alandira S. STEARIN ndi mafuta olimba opangira makandulo ndi sopo, alandiranso. STAINER ndi munthu kapena chinthu chopaka utoto, palibe vuto. Koma NASTIER ndi ANTSIER ndi afotokozi oyerekeza zinthu ziwiri, S sangakhalepo. ANESTRI ndi mawu ochulukitsa kale, onena za nyengo zimene nyama yaikazi sifuna yamphongo. Wodziwa zimenezi amaika S wake mtima uli m'malo, kapena amadziwa kuti mnzake akamuika pamalo olakwika atsutse.

Kuchokera pa zilembo zomwezi munthu amaphunziranso khalidwe limene limasiyanitsa wosewera wokhwima ndi wongoyamba. Wongoyamba amayang'ana zimene waika. Wokhwima amayang'ananso zimene zatsala pakathabwa. Kuli bwino kupeza mapointi 24 n'kutsala ndi E, R, S kusiyana ndi kupeza 30 n'kutsala ndi U, U, V. S alimo anayi okha m'kathumba, mabulanki awiri okha, ndiye si zoti n'kumangotaya pofuna timapointi tiwiri towonjezera.

Gawo la bukuli limene limandisangalatsa koposa ndi la mawu ochokera kuno kwathu ku Africa. Tsiku loyamba kuona KWACHA pa bolodi, tebulo lonse linakana. Wina anati, "Iyayi bambo, tagwirizana kuti ndi Chingerezi chokha." Titatsegula buku tinawapeza ali phee, ndipo amapereka mapointi 18 asanagwere n'komwe pakabokosi kochulukitsa. TAMBALA alimonso, ndipo poti ndi zilembo 7 atha kukubweretserani bonasi ya 50. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti MATAMBALA alimonso, kuchulukitsa kwa Chichewa chenicheni kutalowa m'buku la Chingerezi. NGWEE wa abale athu a ku Zambia alimo. Ndalama za mayiko ena zilimonso: NAIRA ndi KOBO za ku Nigeria, CEDI ya ku Ghana, PULA ndi THEBE za ku Botswana, BIRR ya ku Ethiopia. Kupatula ndalama, m'buku la Collins muli BWANA, BOMA, NGOMA, MBIRA, SADZA, UGALI, INDABA, UBUNTU, NYALA, MUTI ndi MZUNGU. Womalizayu ndi wothandiza zedi, chifukwa amakuchotsera ma U awiri amene aliyense amadana nawo, n'kukupatsanso mapointi a Z.

Mawu amenewa sanalowe m'bukumo mwachifundo. Olemba madikishonale amatola mawu amene akuoneka mobwerezabwereza m'zolembedwa za Chingerezi, m'manyuzipepala ndi m'mabuku. Ena analowa kudzera m'zolemba za atsamunda, n'chifukwa chake BOMA amamasuliridwa poyamba ngati mpanda wotetezera msasa kapena ziweto. Ena analowa chifukwa anthu a ku South Africa, Kenya ndi Nigeria amalemba Chingerezi chawo mosaopa kuikamo mawu akwawo. Pamenepa pali phunziro kwa olemba athu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene ndikufuna kunena pano n'chakuti pa mawu amenewa ife ndi amene tili patsogolo. Mngelezi ayenera kuloweza kuti pali liwu loyamba ndi NGW kapena MZ, pamene ife lilime lathu linazolowera kalekale.

Zofanana ndi zimenezi zinachitika ndi mawu okhala ndi Q wopanda U, amene ndi chipulumutso cha aliyense wogwidwa ndi Q kumapeto kwa masewera. Ambirife tinkangodziwa QI ndi QAT, chitsamba chimene masamba ake amatafunidwa ku Yemen, Somalia ndi Ethiopia. Mnzathu wina wa ku Mangochi, amene anadutsa ku madrasa ali mwana, ataona mndandandawo anaseka. QADI ndi woweruza milandu m'Chisilamu, QIBLA ndi mbali imene Asilamu amayang'ana popemphera, NIQAB ndi nsalu yophimba nkhope imene amayi ena amavala. Kwa iye panalibe choloweza, anangofunika kuuzidwa kuti mawu amene wakhala akuwadziwa moyo wake wonse ndi ololedwa pa bolodi. Kuyambira tsiku limenelo Q sanamuvutenso, ndipo enafe tinawagwira mawuwo msanga chifukwa anatifotokozera ndi munthu wowadziwa.

Mu November 2015, ku Perth m'dziko la Australia, Wellington Jighere wa ku Nigeria anagonjetsa Lewis Mackay wa ku England masewera anayi kwa chilowere m'ndime yomaliza, nakhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikho chapadziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi. Pulezidenti wa dziko lake pa nthawiyo, Muhammadu Buhari, anamuimbira foni yomuyamikira. Zimenezi sizinangogwa kuchokera kumwamba. Ku Nigeria boma limawerengera Scrabble ngati masewera enieni, ali ndi makochi, ali ndi mipikisano ya mphoto, ndipo osewera awo amadziwika ndi kaseweredwe kokonda mawu aafupi kosapatsa mdani mpata. Patapita zaka ziwiri, mu 2017, mpikisano waukulu wa WESPA, bungwe lapadziko lonse la osewera Scrabble ya Chingerezi, unachitikira ku Nairobi.

Nkhani ya Jighere imandikhudza chifukwa ndikudziwa mmene Chingerezi chimakhalira pamtima pa mwana wa ku Malawi. Ndi phunziro limene ukalilephera satifiketi ya MSCE supata, ngakhale utakhoza masamu ndi sayansi. Ambirife tinakula tikusekedwa tikaphonya katchulidwe, ena tinalandirapo chibalo chifukwa cholankhula Chichewa pasukulu. Mapeto ake munthu amafika pochiopa chilankhulocho, kumangokhala chete pamsonkhano pamene mfundo ali nayo. Pa bolodi la Scrabble mantha amenewa alibe malo. Palibe amene akumvetsera katchulidwe kako. Palibe galamala ya chiganizo yoti ikupunthwitse. Pali iwe, zilembo zako zisanu ndi ziwiri ndi mawu amene ukudziwa. Ndaona mtsikana wa Fomu 2, mwana wa mlongo wanga, amene m'kalasi sakweza dzanja, akugonjetsa akuluakulu ndi JO ndi ZA, n'kuwafotokozeranso tanthauzo lake molimba mtima. Mawu amenewo ndi ake tsopano, ndipo anawapeza yekha.

Bolodi limachizanso matenda athu akale a L ndi R. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo, choncho khutu lathu silinaphunzire kuzilekanitsa. M'Chingerezi LOAD ndi katundu pamene ROAD ndi msewu, PLAY ndi kusewera pamene PRAY ndi kupemphera. Pa Scrabble mawu anayi onsewa ndi ololedwa, ndipo wosewera wochenjera amapindula nazo, chifukwa akasowa L amayesa R. Koma tsiku limene udzaike R pamene pamafunika L mawuwo n'kukhala kuti kulibe, mnzako adzatsutsa, udzataya ulendo, ndipo kalembedwe kolondola sudzakaiwalanso. Mphunzitsi atha kulemba ndi choko chofiira chaka chonse osafika pamene kutaya mapointi 40 kumafika.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena mosabisa, makamaka kwa aphunzitsi ndi makolo amene angafune kugwiritsa ntchito masewerawa pothandiza ana. Mawu ambiri a m'buku la Scrabble si Chingerezi chimene anthu amalankhula. Mwana akalemba RESIANT kapena STARNIE m'chimangirizo cha mayeso, wochonga adzadula mzere wofiira ndipo adzakhala kuti sanalakwe, chifukwa loyambalo ndi liwu lakalekale la wokhala pamalo ndipo lachiwirilo ndi kanyenyezi m'kalankhulidwe ka ku Scotland. Apanso tanthauzo ndi limene limateteza mwanayo. Akadziwa kuti liwu ili ndi lakale, ili ndi la ku Scotland, ili ndi la asayansi, adziwa loti apite nalo m'kalasi ndi loti alisiye pa bolodi. Woloweza chabe amaona mawu onse ngati ofanana.

Ngakhale eni masewerawa anafika povomereza kuti mawu pa bolodi sataya tanthauzo lake. Mu 2020 bungwe la osewera a ku North America linachotsa m'buku lake mawu oposa 200 onyoza mitundu ndi magulu a anthu, ndipo mu 2021 buku la Collins linachotsa oposa 400, kampani ya Mattel, imene ili ndi umwini wa Scrabble kunja kwa America ndi Canada, itafuna choncho. Osewera ena anakwiya kwambiri, ena mpaka anasiya mipikisano, ponena kuti pa bolodi liwu ndi mzere wa zilembo basi ndipo kuliika si kutukwana munthu. Mfundo yawo ndimaimva. Koma ndikaganiza za mwana wakuda atakhala moyang'anizana ndi munthu wamkulu amene waika pakati pa bolodi liwu limene makolo ake ankaitanidwa nalo monyoza, sindikhulupirira kuti mwanayo akuona zilembo chabe.

Masiku ano ambiri amakumana ndi masewera a mawu pa foni asanaonepo bolodi. Otchuka kwambiri ndi Wordle, amene anapangidwa ndi Josh Wardle, wa ku Wales, n'kutulutsidwa mu October 2021, ndipo New York Times inawagula mu January 2022. Umafuna liwu limodzi la zilembo zisanu, mipata ndi isanu ndi umodzi, ndipo mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yotuwa imakuuza ngati chilembo chili pamalo pake, chilimo koma pamalo ena, kapena mulibe. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mwa mawu pafupifupi 13,000 a zilembo zisanu amene masewerawa ankalandira poyamba, mayankho anasankhidwa pafupifupi 2,300 okha, mawu amene munthu wamba angawazindikire. Choncho kwa wophunzira Chingerezi, liwu lililonse la Wordle ndi loyenera kulifufuza, chifukwa adzakumana nalo m'buku kapena m'nyuzipepala. Sadya bandulo yambiri, ndipo ndi liwu limodzi patsiku.

Patebulo pathu mkangano uja tinaupezera njira yoti masewera aziyenda. Nthawi yosewera timatsata malamulo enieni, palibe kufunsa tanthauzo, palibe kutsegula foni pokhapokha wina atatsutsa. Masewera akatha, bolodi tisanalipasule, aliyense amaloza liwu limodzi limene sakulidziwa, ndipo amene analiika amalifotokoza. Akalephera, timafufuza tonse. Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo liwu, tanthauzo lake m'Chichewa, mtundu wake, ndi zilembo zimene lingalandire kutsogolo ndi kumbuyo. Kumasulira m'Chichewa n'kofunika, chifukwa kukopera tanthauzo la Chingerezi kuchokera m'dikishonale munthu atha kuchita osamva kanthu, koma kuti ulembe m'chilankhulo chako uyenera kukhala utamvetsa.

Amene mukufuna kuyamba, musathamangire mawu aatali. Yambani ndi a zilembo ziwiri onse, khumi pa mlungu, ndi matanthauzo ake. Mukatero pitani ku a zilembo zitatu okhala ndi J, Q, X ndi Z, kenako a Q wopanda U, kenako amene amakuthandizani kutaya mavawelo akachuluka, monga EAU, AIA ndi EUOI. Mawu a zilembo 7 abwere pambuyo, poyambira pa magulu a zilembo zogwirizana ngati RETAIN ndi SATIRE, n'kumawonjezera chilembo chimodzi chimodzi kuyambira A mpaka Z kuti muone chimene chituluke. Bolodi likasowa, katoni, lula ndi cholembera n'zokwanira: timabokosi 225, tizidutswa 100, ndi kathumba ka nsalu kosaonekera mkati.